Ndapuma Mopitirira Muyezo, Bwana

Kwa Bwana Mkulu Woyang'anira Utsi ndi Mpweya,
Kampani yathu ya chokoleti,
Ofesi ya pamwamba, ya mawindo osatsekuka.

Bwana wanga wolemekezeka,

Ndikulemba kalatayi nditagwada, ndiponso pang'onopang'ono kuti ndisawefuke. Ine ndine uja wonyamula matumba a koko, amene anzanga amanditcha Mvukuto. Dzina langa lakhala pamwamba pa bolodi ya pageti kwa masabata anayi, pansi pa mawu akuti "Owononga Dziko". Chikalata chanu chikuti amene apezeke pamwamba Lachisanu likubwerali, ntchito yamuthera. Ndagwira pano zaka khumi ndi chimodzi, ndipo mwana wanga wamkazi amalandira mankhwala a mphumu kuchipatala cha kampani ndi khadi langa la ntchito. Ndiye ndati ndithokozeretu, poti wochotsedwa ntchito alonda samulolanso kulowa.

Choyamba, zikomo chifukwa cha katswiri uja munatibweretsera, bambo wa magalasi ndi laputopu, amene ife tinamutcha Kawerenga. Asanabwere, mbulife tinkaganiza kuti mpweya wotenthetsa dziko umachokera m'ng'anjo yokazingira koko, ija imamwa dizilo osapumira. Iye anatitsekula m'maso. Anati mpweya wa kampani ndi wokhawo umene watulukira mkati mwa mpanda. M'mawa mwake wowotcherera zitsulo anakwera padenga n'kulumikiza paipi yokhota kuchumuni, mpaka kukamwa kwake kunasuzumira kuseri kwa mpanda. Tsiku lomwelo utsi wa kampani unatsika ndi theka, inu n'kulandira chikho. Kuseri kwa mpandako n'kumene kuli nyumba zathu. Mkazi wanga akayanika nsalu yoyera amakaanula ya bulauni, ndipo wati ndikuthokozereni poti litsiro silikuonekanso.

Chachiwiri, jenereta. Munaipereka ku kampani ina, imene katundu wake yense ndi chikwangwani chimodzi ndi alamu anu. Jeneretayo sinasunthe. Ikulirabe pomwe paja, kungoti utsi wake tsopano ndi wa alamu.

Chachitatu, zikomo pozimitsa chikepe chokwezera katundu, chomwe akuti chinkadya magetsi. Chikepe chatsopano ndine. Thumba limodzi ndi makilo 60, masitepe opita kung'anjo alipo 48, ndipo ndimakwera maulendo makumi atatu dzuwa lisanapendeke. Miyendo yanga yakula bwino, moti anansi akundifunsa ngati ndayamba mpira.

Chachinayi ndiye chagona nkhani. Utsi wina wonse utatha papepala, Kawerenga anapeza kuti chotsala chofuka mkati mwa mpanda ndi ifeyo. Aliyense anamumangirira kachipangizo pansi pa mphuno, kowerenga mpweya umene watulutsa, ndipo munthu akapitirira muyezo kamalira ngati mwanapiye. Amayi okulunga chokoleti asiya kuimba. Munthu akamva nthabwala amaisunga kuti akaseke kunyumba. Kapitawo wathu, amene kale ankakalipa kuyambira m'mawa mpaka powerukira, tsopano amangotiloza ndi mlomo, ndipo pa ichi chokha, bwana, kuthokoza kwanga n'kochokera pansi pa mtima. Inuyo kachipangizoka simuvala, poti mpweya wa mabwana akuti amauwerengera kulikulu. Tinamvetsa bwino, chifukwa munatifotokozera kwa maola atatu.

Chachisanu, mitengo khumi ndi iwiri imene kampani yabzala kuti izimeza mpweya wathu. Ndimaidziwa bwino yonse, poti ndi mtengo umodzi, uli mumphika wasimenti, ndipo ndine ndinkaunyamula. Anaujambula pageti, anaujambula pakhonde, anaujambula padenga, mbali iliyonse ukhale mtengo wina. Tsiku limenelo kachipangizo kanga kanalira mpaka mabatire kutha, ndipo m'pamene ndinakwera pamwamba pa bolodi. Masamba ake ndi apulasitiki, koma ine sindinapite patali ndi sukulu, mwina amameza ndithu.

Musaganize kuti ndinangokhala manja lende. Sabata yoyamba ndinayesa kukwera osapuma. Pa sitepe ya 31 kunada bii, ndipo ndinatsitsimuka koko ali mbwee masitepe onse, amayi okulunga akundikupiza ndi makatoni. Nesi anandiika mpweya wa m'botolo, ndipo nawonso anaulemba pa dzina langa. Sabata yachiwiri ndinasiya kupereka moni. Mlonda wachikulire wa pageti, amene timagawana tiyi zaka zonsezi, mpaka pano akuganiza kuti ndamukwiyira.

Kenaka nzeru zinandibwerera, ndipo ndinazitenga kwa inu. Ndinapempha wowotcherera zitsulo uja kuti andipezere paipi yothirira maluwa. Mbali ina ndinaluma, ina ndinaponya pawindo mpaka inagwera kuseri kwa mpanda. Tsiku lonse ndinakwera ndi kutsika paipi ili kukamwa, anzanga akuilumpha, kachipangizo kali zii. Ndinkayembekezera chikho, ngakhale chaching'ono. M'malo mwake ndinaitanidwa kuofesi, ndipo Kawerenga anandiwerengera mlandu wa chinyengo. Anati mpweya ndi mpweya, kaya utulukire kuti, dziko ndi limodzi. Ndinagwetsa misozi, bwana, poona kuti munthuyu amadziwa zimenezi.

Pano nthabwala zandithera. Mwana wanga amadzuka m'mawa chifuwa chikulira kuposa kachipangizo kanga, ndipo iye pabolodi palibe. Ndikamuyang'ana akukoka mpweya ndi mapewa, ndimachita mantha, ndipo ndimakwiya. Pepani, ndikudziwa kuti mkwiyo umachulukitsa mpweya.

Sindikutsutsa chilungamo chanu. Ndangoona kuti ndikachoka, matumba sadzamera miyendo. Adzanyamula wonditsatira pabolodi, bambo wa ana asanu wosakaniza shuga, ndipo pakutha pa mwezi naye adzakhala wowononga dziko. Pambuyo pake amayi okulunga, mmodzimmodzi, kenaka kapitawo, kenaka nesi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chaka chino chisanathe fakitale idzakhala yoyera mbee, yopanda wopuma ndi mmodzi yemwe, ndipo ine ndidzanyadira kuti ndinatsogolera.

Pempho langa ndi laling'ono, loyenera munthu wamng'ono. Lachinayi, tsiku langa lisanafike, tsikani mudzatiphunzitse kapumidwe ka anthu ophunzira. Ndidzakubwerekani kachipangizo kanga nditakapukuta bwino, ndi kansalu koika paphewa kuti suti isade. Thumba ndidzakusankhirani lopepukirapo, ndipo ndidzakusenzetsani ndekha. Ulendo umodzi wokha, bwana, osati makumi atatu. Mukafika kung'anjo kachipangizo kosalira, khadi langa ndidzalitula m'manja mwanu pomwepo, osadikira Lachisanu. Kakalira, musadandaule, ife sitidzaseka, poti kuseka munaletsa. Mlonda wavomera kale kutibwereka choko cholembera pabolodi, ndipo dzina lanu amadziwa kulilemba.

Ine kapolo wanu, wopumabe mosapempha chilolezo,

Mvukuto,
wa pamasitepe.