A Imakaye ndi Mbalame za Kudimba

Pa nkhani ya mantha, anzanga, malume anga analibe mnzawo. Munthu wamkulu, telala wa ndevu zake, koma kungoona chingwe pansi ankalumpha mpaka chipewa kugwa. Njoka! Ankasoka atavala jombo m'nyumba mwawo momwe, kunja dzuwa likuswa mtengo. Anaphunzira mbalame zonse za kutchire, osati pozikonda ayi, koma poti ndizo zimayamba kuiona njoka. Ukamayenda nawo, mwadzidzidzi ankakugwira mkono: "Ima kaye!" Anthu onse ankangowatcha a Imakaye.

Ine ndinkawaseka kuposa aliyense, mpaka tsiku limene ndinakumana ndi mbobo kudimba kwanga. Ndikuwerama kuti ndithyole tomato, ndinangoona chinjoka chikudzutsa mutu pamaso panga. Khasu, chidebe, nsapato, zonse ndinasiya konko. Masiku anapita osapondako. Tomato anayamba kufota, chonsecho dimba lomwelo ndilo linkadyetsa ana anga.

Ndinapita kwa malume manyazi atandigwira.

"Malume, ndiphunzitseni mbalame zanu zija."

"Iwe? Si iwe unkati mutu wanga sukoka?"

"Ndine ndemwe. Koma tomato akuuma."

"Kudimba komwe kuli chinthuchoko?" Dzina lake sankalitchula n'komwe.

Anabwera ndithu, atavala mathalauza awiri, ndodo m'manja, ine n'kunditsogoza. Tisanafike patali, mkono gwi!

"Ima kaye! Ya panthambiyo, ya mutu wakuda, yachikasu kunsi kwa mchira, ndi mbalame yanji?"

"Mpheta?"

"Mayo ine, tifa lero! Ndi pumbwa ameneyo. Akamaimba mokoma, yenda. Koma akayamba kulalata, anzake n'kusonkhana, onse maso pansi, za ine usafunse. Ukandipeza kunyumba."

Tinayenda motero m'mawa uliwonse, iwo akunjenjemera, ine ndikuthirira. Njiwa ankati n'chitsiru, imangolira zake ngakhale dziko likutha. Timba, kambalame kochepetsetsa kaja, ankamupatsa ulemu ngati mlonda. Koma mdani wawo anali nthengu, yakuda ya mchira wa mphanda.

"Wabodza uyo! Amakuwa ngati kwaopsa kuti anzake athawe, iye atole chakudya."

Ankadziwa zimenezo, komatu tsiku lina nthengu itakuwa, ndinangomva phofo! Malume anali atakwera mtengo wa papaya, mtengo n'kuthyoka nawo.

"Malume, kodi njoka sikwera mtengo?"

"Khala chete, tandidzutsa!"

Kenaka linafika tsiku lenileni. Ndikupita kukatunga pachitsime cha m'dimbamo, apumbwa anayamba kulalata pachitsamba chomwe ndinkalowera. Timba nayenso pompo. Ndinadziwa kuti malume aliyatsa kale liwiro ndipo ndatsala ndekha. Koma ndinamva dzanja lawo litandigwira mkono.

"Usathamange," ananong'oneza. "Bwerera pang'onopang'ono. Choncho."

Udzu unagawikana pomwe phazi langa likanaponda, chinjoka chija chikutsetsereka, kutalika kosatha. Sitinapume mpaka mchira utalowa m'bango.

Titafika kumsewu ndinawafunsa, "Nanga lero bwanji simunathawe?"

"Miyendo inakana," anatero mokalipa. Tinayenda pang'ono, kenaka anawonjezera chapansipansi, "Ana ako ndikanakawauza chiyani?"

Sinali njoka imene inawatenga a Imakaye. Chinali chifuwa, nyengo yozizira yapitayi, ali gone pabedi pawo. Ndinalira kwambiri, sindibisa. Makina awo osokera anangoti zii, ndipo anthu pamsewu wathu amangodutsa pansi pa mitengo, mbalame zikulongolola, popanda wokweza mutu.

Kudimba ndimapita ndekha tsopano. Sabata yatha, ndili pafupi kulowa, inalira mbalame ina yofiirira, ya mchira wautali, imene malume sanandionetsepo. Sindinathe kudziwa ngati ikuimba kapena ikuchenjeza. Ndinaima pamenepo chidebe chili m'manja, thukuta lili kamukamu, mpaka dzuwa linayamba kuwawa. Tomato anali ataweramitsa masamba. Ndinalowa ndipo ndinathirira mizere yonse mpaka kumapeto.

Dzina la mbalameyo sindikulidziwa mpaka lero. Ndafunsa msewu wonse, aliyense akungoti, "Akanakhalapo malume ako."