Tsiku Limene Ndinanyika Agogo mu Tiyi

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa Chonde sipalephera kupezeka wina wofunsa mokweza ngati agogo anga auma. Ndimangokweza dzanja ngati wandale n'kupitirira. Koma poti nkhaniyi aliyense akuifotokoza mmene akufunira, ena mpaka akuthiramo ndi mkaka womwe, ndati ndiilembe ndekha, mwini wake wa manyaziwo.

Gwero la zonse ndi Esinala. Ameneyu tinaphunzira limodzi ku pulayimale, benchi imodzi, ndipo pa phunziro la mbiri yakale ndinkamuposa teremu iliyonse (izi amavomera yekha, mukhoza kukamufunsa). Koma ine sukulu inandithera mu Fomu 2, ndinakalowa ukalaliki woyeza masamba a tiyi ku esiteti, pamene mnzangayo anapitirira mpaka kunja. Anabwerako ali dokotala, osati wa jakisoni, koma wa zithunzi zakale. Kwa zaka zoposa makumi awiri wakhala akuyang'anira zithunzi kunyumba yosungirako zinthu zakale mumzinda, ija amati myuziyamu. Akuti akangogwira chithunzi n'kuona pepala lake ndi nsalu imene inapachikidwa kumbuyo kwa wojambulidwayo, amakuuzani zaka zimene chinajambulidwa. Analembanso buku la zithunzi za m'minda ya tiyi. Ndinaliwerenga katatu, osati chifukwa cholikonda, koma kusakasaka pamene analakwitsa. Ndinapeza chilembo chimodzi chosowa m'dzina la mudzi wina, ndipo ndinadya bwino sabata yathunthu.

Ine pano ndinapuma pantchito, ndipo ndimawerenga chilichonse chokhala ndi zilembo, ngakhale nyuzipepala yokulungira bonya. Anthu kuno amanditchula kuti Pulofesa. Poyamba kunali kunyodola, koma dzinalo ndinalilandira ndi manja awiri, ndipo nkhani zakale zikavuta pa bawo kapena pamaliro amati tifunse a Pulofesa.

Ndiye chaka chatha analengeza kutchalitchi kuti Mayi Esinala akubwera kudzatolera zithunzi zakale za m'mabanja, zoti akazionetse ku myuziyamu pokumbukira anthu amene anatsegula minda ya tiyi. Tsiku loyamba anakhala m'kalasi ina ku Chonde konkuno, atavala magolovesi oyera ngati akufuna kubadwitsa mwana. Anandilonjera mwansangala, anafunsa za ana, koma za mbiri sanandifunse ngakhale kamodzi. Amene anamutenga mtima ndi a Muhala, oyandikana nane nyumba, munthu amene buku lomaliza kulitsegula linali la kusikelo ya ana. Iwo anabwera ndi kachithunzi kong'ambika m'mbali ka atate awo ataima ndi dengu kumsana, kamene kanagona zaka zonsezi pansi pa sutikesi. Esinala anakayang'ana nthawi yaitali ndi galasi lokuzira zinthu, kenako anati aka kakakhala pakhomo penipeni polowera, ndipo dzina la a Muhala likalembedwa pansi pake.

Madzulo ake a Muhala anadutsa pakhomo panga kawiri popanda kopita, akuimba mluzu.

Kwathu chithunzi chakale kulibe. Agogo anga aamuna anachokera ku Mozambique wapansi, atasenza mphasa ndi nkhwangwa, anagwira ntchito m'tiyi mpaka msana unapindika, ndipo anamwalira kamera isanawalozepo. Nkhani zawo ndikuzidziwa, njira imene anadzera, nyimbo za Chilomwe zimene ankaimba pozula zitsa. Koma Esinala ankafuna zithunzi. Anali atanena kuti Loweruka lotsatira adzakhalanso ku Nkando. Ndinatsala ndi sabata imodzi, komanso nzeru za m'mabuku zosowa pozigwiritsa ntchito.

Achibale onse amati ndinatengera agogo nkhope. Apa m'pamene Satana anakoka mpando n'kukhala pafupi nane.

Lachiwiri ndinakwera minibasi ya ku Limbuli, kutali ndi maso a anthu akwathu, m'chikwama muli kabudula wa kaki ndi chipewa chakutha, pamiyendo pali dengu lobwereka. Wojambula wa pasitudiyo ina kumeneko ndinamuuza kuti ndi za sewero la kutchalitchi. Anandiimika kuseri kwa nyumba, wopanda nsapato, n'kundiuza kuti ndivule wotchi ndi magalasi. Ndinamupempha kuti chithunzicho achitsuke chopanda mitundu, chakuda ndi choyera basi. Iye anafunsa ngati m'seweromo muli wothyola tiyi wa mimba ngati yangayi, poti iye chibadwire sanamuonepo. Ndinakoka mpweya, mimba inalowa, anajambula.

Chithunzi chinatuluka chokongola, koma chonyezimira ngati chatsukidwa lero, poti chinali chitatsukidwadi tsiku lomwelo. M'buku la Esinala lija ndinawerengamo kuti zithunzi zakale zimasanduka zofiirira. Nanga m'Mulanje muno chofiiritsa zinthu chingasowe? Lachinayi ndinapempha mayi akunyumba kuti andiwiritsire tiyi wamphamvu, wodzaza mbale yolowa, wopanda mkaka. Anandiyang'ana, koma zaka makumi atatu za banja zinawaphunzitsa kusafunsa Pulofesa akakhala pa kafukufuku. Ndinanyika agogo m'mbalemo, ndinawayanika padenga la khola la nkhuku, ndinawapinda m'makona, n'kuwakhalira tsiku lonse la Lachisanu ali pansi pa khushoni. Pofika Loweruka anali atakalamba ndi zaka makumi asanu ndi atatu. Ineyo mwini wake ndinawayang'ana mpaka misozi inalengeza.

Ku Nkando anthu anadzaza, ndipo a Muhala analipo, akuti anabwera kudzathandiza a dokotala kuzindikira zithunzi zenizeni, poti tsopano nawonso ndi katswiri. Itafika nthawi yanga ndinaika envulopu patebulo n'kuyamba kulankhula. Ndinafotokoza za ulendo wa agogo, ndi za mzungu wina amene anawajambula atadabwa ndi mphamvu zawo (mzunguyu ndinamupeka mu minibasi, ndinamupatsa ndi ndevu zomwe). Anthu anatchera khutu. Esinala anasolola chithunzicho ndi magolovesi ake aja, koma chinakana kuchoka kuchala chake. Anachigwedeza, chinamatirira ndithu. Anachinunkhiza. Kenako anachiika pansi pa galasi lake, ndipo tonse amene tinali pafupi tinaona mzere wa nyerere ukutuluka mu envulopu, kudutsa pansalu yoyera ya patebulo, kulunjika pachipewa cha agogo.

Mayi akunyumba anali atakhala kumbuyo ndi amayi anzawo, ndipo analankhula ndi mtima woyera, mofuna kuthandiza. "Bambo a Tadala, kodi tiyi uja sanali wakumwa? Inetu ndinathiramo shuga, masupuni asanu."

Phokoso limene linatsatira sindilifotokoza. A Muhala anaseka mpaka anthu anachita kuwagwira mkono kuwatulutsa panja kuti akapume.

Esinala yekha sanaseke. Anadikira kuti anthu atonthole, n'kunena motsitsa mawu kuti pepalali ndi la masiku ano, ndipo agogowa ali ndi mzere woyererako pamkono, pamalo pamene pamakhala wotchi. Kenako anandifunsa, osati mwaukali, chifukwa chimene ndinachitira zimenezi. Ndikanatha kunamanso, mabodza ndinali nawo ena osatsegula. Koma ndinangoti a Muhala ali ndi atate awo papepala, ine ndilibe aliyense, ndipo zinandiwawa kuti iye, amene ndinkamuposa m'kalasi, ndi amene lero akusankha woyenera kukumbukiridwa.

Anayamba kuchotsa nyerere imodziimodzi ndi kaburashi kofewa.

"Achimwene," anatero, "chimene chakhala chikundivuta zaka zonsezi ndi chomwechi. Ndili ndi makabati odzaza mabwana ndi agalu awo, agaluwo mpaka maina analembedwa kuseri. Koma anthu amene anasenza tiyiyo, ambiri palibe anawajambula. Mundipatse chithunzichi. Koma ndikalembapo zoona."

Ndinafunsa ngati zoonazo zikuphatikizapo shuga. Anati makamaka shugayo.

Sabata yotsatira anabwera kunyumba ndi kachipangizo kojambulira mawu, ndipo ndinamufotokozera za agogo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa linapendeka, popanda mzungu wandevu. Nyimbo ziwiri ndinaimba. Malo amodzi anandikonza pa za chaka, ndipo (ndikulemba izi ndi ululu) iye ndi amene ankalondola.

Chionetsero chitatsegulidwa tinapita ndi a Muhala minibasi imodzi, mpando umodzi. Atate awo analidi pakhomo. Ine ndinakadzipeza m'chipinda chachiwiri, nditaima chilili pakhoma, mimba nditaikoka. Pansi panga panalembedwa kuti uyu ndi mdzukulu amene anavala ngati agogo ake chifukwa agogowo sanajambulidwepo, ndipo chithunzichi chinanyikidwa mu tiyi wa shuga. Pambali pali batani, ukadina kumamveka mawu anga ndikuimba Chilomwe. Ndinapeza bambo wina wachikulire ataima pamenepo chipewa chili kumanja, akuvomereza nyimboyo chapansipansi. Itatha anadinanso.

Munthu wanzeru akanabwerera kwawo mtima uli m'malo. Ine ndinadikira kuti mlonda ayang'ane kumbali, n'kuyeza mafelemu a zithunzi zathu ziwirizo ndi chikhatho. Felemu ya a Muhala ikuposa yanga ndi zala zitatu. Kalata yodandaula ndayamba kale kulemba, pano ndikungosaka mawu oti Esinala akamaiwerenga afune dikishonale.