Mchombo wa Mwana Mufiriji ya Eni

Amene anandichititsa manyazi pamaso pa Bangwe yense ndi Fanuwelo, msuweni wanga. Amalondera pageti pa kiliniki ina ku Chitawira, koma akamayankhula mungati opaleshoni amapanga ndi iyeyo.

Ine bondo linatha ndi kusenza matumba ku Limbe. Tsiku lina anandionetsa vidiyo pafoni.

"Ase, ona ma stem cell! Azungu amawatenga pamchombo wa khanda n'kusunga pozizira. Amakonza chilichonse chowonongeka m'thupi. Bondo lakolo libwerera la mnyamata!"

Madamu anali atangochira kumene, khanda lili m'manja. Ndinati Mulungu wayankha!

Mchombo wa mwana utagwa, apongozi anaukulunga m'kansalu n'kuuika pawindo, kuti akaukwirire mwamwambo komwe mwamuna sadziwa. Ine kansalu kaja m'thumba, ulendo kwa Mayi Phiri oyandikana nafe, ogulitsa mafirizesi.

"Mayi, ndisungireni aka mufiriji."

"N'chiyani?"

"Mankhwala a bondo."

Pobwerera ndinkaimba mluzu, kutsimphina kutachepa kale. Kufika kunyumba, matiresi ali panja, madamu akulira, apongozi agwada akusuzumira kunsi kwa bedi.

"Bambo a mwana, simunaone kansalu pawindopa?"

"Kansalu? Ayi amayi."

Ndisanameze malovu, Mayi Phiri awo, atakanyamula ndi supuni, kumbuyo kwawo laini yonse.

"Mchombo pa mafirizesi anga! Mukufuna anthu aziti ndimakhwimira geni?"

Apongozi anadzuka pang'onopang'ono.

"Mukufuna kulemera ndi mdzukulu wanga?"

"Ayi amayi, ndi sayansi!"

"Ya sing'anga wa kuti?"

Ndinaimbira Fanuwelo, loudspeaker, kuti aliyense amve.

"Ase, tawauze za vidiyo ija!"

"Vidiyo iti? Ndili pa duty ine." Foni thi!

Kusikelo madamu anafunsa anesi. Akuti anesiwo anaseka mpaka kugwira tebulo. Amati chomwe amasunga kunjako ndi magazi a m'chingwe cha mchombo, mwana akangobadwa, ndi makina ake, ndipo si opaka pabondo. Kachikopa kouma kaja ngakhale nyerere sizingakafune.

Pano madamu ndi mwana ali ku Nancholi kwa amayi awo. Ankhoswe anagamula kuti abwerera Fanuwelo akadzavomera pamaso pawo kuti nzeru inali yake. Ana a m'laini akandiona amakuwa, "Dokotala!" Kuwathamangitsa sindingathe, bondo likadali lomwe lija.

Ndinaphunzirapo kanthu kamodzi: wa pageti uzimufunsa za geti basi.

Sabata yachitatu ino. Fanuwelo sanabwere.