Nkhope ya malemu ndinaitola pa siteshoni

Burashi yanga inandilowetsapo m'mavuto angapo, koma la amake Rozina ndi limene anthu a ku Insaca akukana kuliiwala.

Nkhondo itatha tinabwerera kuchokera ku Malawi, ine luso langa lili limodzi, kujambula ndi penti, amene kwathu timati tinta. Ndinkajambula mapiri ndi madambo pa makoma a mabaraka, timagolosale ta kwathu, ndipo zinkayenda (phiri silidandaula ukalipotoza mphuno).

Tsiku lina kunabwera amake Rozina, mayi wamasiye amene amuna awo anamwalirira kothawa nkhondo.

"Amisiri, mundijambulire malemu. Mwanayu sakuwadziwa bambo ake, chithunzi chinapsera m'nyumba."

"Anali otani?"

"Aatali, maso ofatsa. Akaseka, kampata kumanoku."

"Basi, ndawaona kale," ndinatero (ndinali ndisanaone kanthu).

Malemu woyamba amene ndinajambula anatuluka wofanana ndi ine. Wachiwiri anali ngati mbuzi yodzidzimuka. Ndiye ndili ku Entre Lagos kogula tinta, ndinaona bambo wina akugulitsa nsomba zouma pa siteshoni kwa odikira komboyo, sitima ya pamtunda: wamtali, wofatsa, kampata kumano. Ndinakhala pa thumba la makala n'kumubera nkhope yonse, ndi chipsera cha pachibwano chomwe.

Tsiku lopereka, abale a malemu anadzaza khonde. Ndinavundukula chitenje monyadira.

Kenako achimwene a malemu anakhosomola. "Amisiri, mng'ono wanga anayamba liti kugulitsa nsomba? Awa si a Saide awa?"

Kani a Saidewo anali atafunsira kale mbeta amake Rozina, ndipo abale a malemu anali asanavomere. Maso onse anatembenukira kwa mayiwo.

"Mlamu, mukanangotiuza pakamwa," anatero achimwenewo.

Amake Rozina anaphimba nkhope ndi mpango. Ine ndinalumbira kuti wolakwa ndi ine, ndinatchula ndi thumba la makala lomwe, koma palibe anakhulupirira. Amene anakaniratu kukhulupirira anali a Saide, omwe m'mawa mwake anafika atavala jekete.

Awiriwo anakwatirana anthu atakolola, ndipo chithunzicho chili pa khoma lawo. Tikakumana pa msika, amake Rozina amandipatsa moni bwinobwino, kenako amati, "Malemu aja tikuwadikirabe."

Mwina mukuti ndinasiya kuba nkhope. Ayi. Kungoti masiku ano ndimapalasa njinga kukaba kutali, mpaka ku dera la Chiuta, ndipo ndimayamba ndafunsa ngati mwini nkhopeyo ali pabanja.