Mmene Ndinathawira Nthambi Mpaka ku Meponda

Anzanga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene ndikutsimphinira masiku ano. Lero ndikuuzani, koma museke pang'onopang'ono, bondoli silinapole.

Ndinali nditatha miyezi yambiri ndilibe ntchito, ndikungozungulira m'dera lathu la Chiuaula ngati nkhuku yosowa poikira. Mkazi wanga anali atasiya kundifunsa kuti ndabwerako ndi chiyani, ankangondiyang'ana n'kupitiriza kusankha nyemba. Ndiye ndinamva kuti Dona Amina, mayi wina wa ku Assumane amene ali ndi njinga zobwereketsa alendo, akufuna munthu wotsogolera alendowo paulendo wochokera muno mu Lichinga, kudutsa m'nkhalango ya mapaini, kutsetsereka mapiri, kuwoloka timitsinje mpaka kukafika kunyanja ku Meponda. Ntchito yake kupalasa njinga, kuloza mitengo ndi kumwetulira. Ine ndingalephere zimenezo?

"Senyoro Bonifasi, msewu wa ku Meponda mumaudziwa?" anandifunsa Dona Amina.

"Dona, msewu umenewo ndingauyende nditatsinzina."

Bodza lamkunkhuniza! Ku Meponda ndinali nditapitako kawiri kokha, pa lole, ndipo ulendo wachiwiriwo ndinagona njira yonse. Njinga ndimaidziwa, sindikana, koma ndinaiphunzirira ku Malawi kumene makolo anga anathawira nthawi ya nkhondo, kudera lachigwa kumene chitunda chachikulu chinali chulu.

"Chabwino," anatero. "Loweruka tipita awiri. Inu patsogolo ngati giya wotsogolera alendo, ine pambuyo ngati mlendo wanu. Mukandifikitsa bwino kunyanja, ntchito ndi yanu."

Loweruka m'mawa tinanyamuka kukuzizira, chifunga chili mbuu. Ine anandipatsa njinga yakuda yolemera, pakaliyala atamangapo chikapu cha kamba wapaulendo: nkhuku yokazinga, buledi uja timati mapau, mabotolo awiri a madzi, mpope ndi kabokosi ka mankhwala. M'mapaini muja zinthu zinayenda bwino kwambiri moti ndinayamba kudzimva ugiya. Ndinkaloza mbalame iliyonse n'kuipatsa dzina, kaya lake kaya la ina, Dona Amina akungogwedeza mutu.

Dzuwa litakwera tinafika pamene msewu umayambira kutsetsereka. Pansi pa mitengo ya masuku panali patakhala amalonda a usipa, njinga zawo zili ndi madengu opanda kanthu, akupumula asanatsike kukagula nsomba. Tinawapatsa moni n'kukhala nawo. Mkulu wawo anali Che Saide, bambo wa ndevu zoyera ndi kofiya kumutu, wolankhula mosathamanga. Ndipo nkhani imene tinaipeza pakamwa pawo, anzanga, inali ya chilombo.

"Dzana wamakala wina waona mapazi pakamtsinje ka m'munsimu," anatero Che Saide. "Aakulu chonchi. Mbuzi ya munthu yasowanso. Ena akuti nyalugwe, ena akuti mkango. Wallahi, ine sindinaone, ndangomva."

Dona Amina ananditembenukira. "Giya wathu akuti bwanji?"

"Aa, Dona, mkango umaopa belu la njinga," ndinatero, n'kuliliza kawiri.

Kulimbako kunali kwa pakamwa pokha. Ndinapempha kuti ndikataye madzi, ndipo ndinalowa patchire, osati patali, maso ali uku ndi uku, tsamba likagwa ine mtima phaa. Kunena zoona ndinali ndi mantha aakulu.

Tsono chimene sindinkadziwa ndi ichi. Anthu otsika ndi njinga mumsewu umenewu sakhulupirira mabuleki okha. Amadula nthambi ya masamba ambiri, n'kuimanga ndi chingwe chachitali kukaliyala kuti izikhwekhwereza pansi n'kumaigwira njinga isathamange. Ine ndili patchire paja, Che Saide anafinya mabuleki a njinga yanga, napeza kuti ndi ofooka, ndiye mwa chifundo chawo anandimangira chinthambi chachikulu n'kuchisiya muudzu kumbuyo kwa njinga. Anaganiza kuti giya wamkulu ngati ine akudziwa mwambo umenewu.

Nditatuluka patchire sindinafune kukhalanso pamalo pokambidwa za mikango. Ndinajowera panjinga.

"Senyoro Bonifasi, dikirani, Che Saide akundimangira..."

"Dona, siyirani ine! Inu muzingonditsata!"

Ndinapalasa kamodzi, kawiri, njinga n'kulowa mumtsetse. Pomwepo ndinamva chinthu chikuvumbuluka muudzu kumbuyo kwanga. Khwaaa!

Tsitsi linaima. Ndinadziuza kuti ndi mphepo. Ndinapalasa pang'ono, nacho chinawonjezera liwiro. Khwaaa, khwaaa! Ndinayesa kufinya mabuleki, nacho chinachepetsa, ngati chikundidikira. Mphepo yanji imene imadikira munthu? Ndinaponya diso pansi pa khwapa, kamphindi chabe, ndipo ndinaona fumbi lofiira lili tolotolo, m'kati mwake chinthu chachikulu chamanyenje chikudumphadumpha molunjika ine.

Mayo ine! Belu lija ndinaliliza mpaka chala chinachita dzanzi, koma chilombo sichinaope.

Mukuganiza kuti ndinakumbukira zoti kumbuyo kuli mlendo wanga? Ndinakumbukira, inde, koma mwanjira yochititsa manyazi. M'mutu mwanga munabwera ganizo lakuti Dona Amina ndi wonenepa kuposa ine, nanga chilombochi chasankhiranji mafupa? Ndikuulula pamaso panu, ndinaganiza zimenezo, ndipo ndinapalasa ndi mphamvu zanga zonse, munthu kupalasa pamtsetse umene ena amatsika akupemphera.

Njinga inkalemera modabwitsa. Ndikapalasa, chinthu chinkaikokera m'mbuyo, ndipo pamabampu chinkachita kugwedeza kaliyala yense. Ndinadziwa kuti basi, zikhadabo zakola chikapu, chanunkhiza nkhuku. Ndiye ndinapeza nzeru. Ndinapisa dzanja kumbuyo osacheuka, mtima uli m'mwamba kuti dzanjalo libwerako lopanda zala, ndinasolola nkhuku ya Dona n'kuiponya. Idya iyo, undisiye ine! Khwaaa, chikubwerabe. Ndinaponya mapau. Chikubwerabe. Mabotolo a madzi, mpope, kabokosi ka mankhwala, zonse ndinachigenda nazo, chikapu chinatsala chopanda kanthu koma chilombo osabwerera.

Pakona ina ndinakumana ndi amayi atatu atasenza nkhuni.

"Mkangooo! Thawani, mkango!"

Nkhuni zinamwazika mumsewu, amayi aja analowa m'tchire aliyense njira yake, wina chitenje chinatsala pachitsamba. Kutsogolo pang'ono bambo wina amene ankakankha njinga ya makala anaisiya n'kukwera mumtengo mofulumira kuposa nyani. Ndinamva akukuwa kumbuyo kwanga, koma ndinayesa kuti chilombo chawapeza, ndipo ndinangowapempherera ndikupitirira. Mapemphero onse amene ndinawaphunzira ndili mwana anatuluka nthawi imodzi, osakanikirana, mpaka pemphero la pachakudya.

Kenaka ndinamva kuti thapu! Chingwe chija chinali chaduka, koma ine ndinangodziwa kuti phokoso latha ndipo njinga yapepuka. Ndinafuula mokondwa kuti ndapulumuka.

Anzanga, apo m'pamene imfa yeniyeni inayambira. Njinga ija, itamasuka, inauluka. Ndinafinya mabuleki onse awiri mpaka zigwiriro zinakhudza chiwongolero, koma inangolira kuti tswiii, fungo la mphira wopserera, liwiro osachepa. Mitengo inkadutsa ngati mizere. Kudzanja lamanja kunali phompho, pansi pake kamtsinje kakung'anima patali, ndipo pakona iliyonse tayala lakumbuyo linkaseseraka kulowera komweko. Ndinayesa kuponda pansi, nsapato imodzi inachoka n'kupita yokha. Misozi inkatuluka, mphepo n'kumaikankhira m'makutu. Kutsogolo ndinaona nyanja yatambalala, yobiriwira bwino, ija ndinkayenera kuionetsa alendo monyadira, ine ndinangoti kodi manda anga ndi amenewa?

Sindinafike kunyanjako. Pafupi ndi nyumba zoyamba za ku Meponda msewu unakhota, njinga inakana kukhota. Tinadutsa m'munda wa chinangwa, tayala lakutsogolo linamira mumchenga wa pakhwawa, njinga inaima, ine ndinapitirira. Ndinatera m'matope chamutu, bondo n'kumenya mwala.

Anthu anathamangira kudzandizula. Nditalavula matope, mawu oyamba kutuluka anali akuti, "Mkango! Wadya Dona Amina!"

Kodi ndinauona ukumudya? Ayi. Koma m'mutu mwanga nkhani inali yomveka: chilombo chandisiya ine, ndiye chabwerera kwa ndani? Ndinalira kwambiri, misozi yeniyeni, ndikufotokoza kukula kwa mutu wake ndi kufiira kwa maso ake. Mudzi unatekeseka. Amayi anasiya usipa pamathandala n'kukokera ana m'nyumba, abambo anatuluka ndi nkhwangwa, zikwanje ndi nkhafi za mabwato. Bambo wina wa sitolo anati amawadziwa amuna a Dona Amina, nandifunsa ngati awaimbire foni.

"Aimbireni," ndinatero ndikusisima. "Auzeni kuti ndinayesetsa."

Gulu lija linali litangoyamba kukwera msewu, ine ndikutsimphina pambuyo penipeni, pamene tinamva phokoso kuchokera kumtunda. Khwaaa, khwaaa, khwaaa! Tsopano sichinali chimodzi, zinali zambiri. Ndinagwira malaya a munthu amene anali patsogolo panga.

"Ndi umenewo! Wabwera ndi anzake!"

Abambo aja anayang'anana. Mmodzi anatsitsa nkhwangwa. "Epa, achimwene, mkango wanu ndi umenewu?"

Pakona panatulukira Che Saide, akutsika mwaulemu ngati akupita kumzikiti, nthambi yawo ikukhwekhwereza kumbuyo. Pambuyo pawo amalonda anzawo, aliyense ndi nthambi yake. Pakati pawo Dona Amina, wamoyo, wathunthu, nayenso ndi nthambi yake, mpope ndi kabokosi ka mankhwala zili m'dengu la Che Saide, nsapato yanga ili lende pachiwongolero. Pomalizira pake amayi atatu a nkhuni aja, wapansi, akukoka chinthambi changa, nkhope zawo zosaseka n'komwe.

Kuseka kumene kunabuka pamenepo sindidzakuiwala. Anthu ankagwa pansi, wina anachita kutsamira nkhafi kuti asagwe. Amayi a nkhuni anandiponyera chinthambi chija kumapazi n'kundiuza mawu a Chiyao amene sindingawabwereze pano. Che Saide okha ndiwo sanaseke. Anandiyang'ana bondo, nayang'ana phiri limene ndinatsika, n'kunena motsitsa, "Ambuje, chingwe chikanaduka pakona yapamwamba ija, bwenzi lero tikukutolani m'phompho. Mulungu ngwamkulu." Ndinakhala pansi pomwepo.

Foni ya Dona Amina inalira. Anali amuna ake, akulira mokweza moti tonse tinkamva. Zinamutengera nthawi kuti awatsimikizire kuti akulankhula ndi mkazi wawo, osati mzimu. Ku Assumane anali atayamba kale kutulutsa mipando m'nyumba, achibale akusonkhana, wina atathamangira kukauza shehe.

Atadula foni anabwera pamene ndinakhala. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa.

"Senyoro Bonifasi, kuopa mkango si mlandu, inenso ndikanaopa. Za nthambi simunadziwe, zimenezo munthu amaphunzira tsiku limodzi. Koma kuchokera pamwamba paja mpaka pano, simunaime ngakhale kamodzi kuti muone ngati mlendo wanu ali moyo."

"Dona, ndimathamangira kudzaitana anthu."

"Munaitana ndithu. Pamaliro anga."

Anatsegula kabokosi ka mankhwala, nanditsuka bondo ndi manja ake, munthu amene ndinamusiyira chilombo, nandimanga bandeji bwinobwino. Atamaliza anandisisita paphewa n'kunena kuti alendo ake amabwera kudzaona nyanja, sabwera kudzasiyidwa m'nkhalango, choncho ntchito ija ndiiwale.

Ndiye ndalumbira, anzanga, ndipo inu mukhale mboni. Sindidzanenanso kuti ndingayende nditatsinzina msewu umene sindiudziwa. Ndipo tsiku lina chinthu chikadzandithamangitsa, kaya chibangule chotani, ndidzayamba ndaima n'kuchiyang'ana bwinobwino ndisanalengeze maliro a abwana.