Malovu Obwereka

M'mudzi wina, umene ngakhale makondakitala a minibasi sadziwa dzina lake, munafika anthu a zaumoyo atanyamula bokosi la timabotolo. Ankafuna malovu a ana. Anati kutauni kuli makina atcheru kwambiri, otha kupeza kanthu kokulitsa thupi ngakhale m'kadontho kamodzi, ndipo mudzi umene ana ake apezeke nako kochepa udzalandira ufa wa phala chaka chonse.

Mayi Nachisale, katswiri wotcheza kachasu yemwenso anali Msungichuma Wamuyaya wa Komiti Yolandira Zinthu, anamva mawu oti ufa n'kuyamba kuganiza za malo ouika m'nyumba mwawo. Mayiwa sanagulepo ngakhale singano osanenerera, choncho anakokera pambali mtsikana wina wa m'gululo, woyeza malovu.

"Mwanangu, nambala yopatsa ufayo ndi yotsika eti? Ndiye mutitsitsireko."

"Makina sanenerereka, amayi."

"Chilichonse chimanenerereka. Ine ndinatsitsa mtengo wa bokosi la malemu amuna anga, maliro ali mkati."

Mtsikanayo anaseka. "Mwa ana kanthuka kamachuluka ndithu. Kamachepa mwa okalamba ngati inu."

Mayi Nachisale sanakwiye. Anathokoza mwaulemu, ngati munthu wopatsidwa basera.

Popeza alendowo ankathamangira midzi ina, anasiya timabotolo m'manja mwa komiti kuti adzatenge pobwerera. Galimoto itangokhota, mayiwa anaitanitsa msonkhano wadzidzidzi kuseri kwa nyumba yawo, pafupi ndi migolo ya kachasu.

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno," anatero. "Malovu a ana sitikuwadziwa. Athuwa tikuwadziwa kuti ndi otha ntchito."

Bambo Kadzamira, Wapampando wa komitiyo, anakayika pang'ono. "Nanga makinawo akationa imvi?"

"Malovu ali ndi imvi, achimwene? Lavulani apa. Lero ndinu Tiyamike, wazaka zitatu."

Nkhalamba zinandanda pamzere, aliyense ndi dzina la mdzukulu wake. Vuto linali lakuti kukhosi kwa munthu wamkulu kumauma msanga. Pofuna kutumikira mudzi, Mayi Nachisale anazungulitsa kabotolo ka mutu wa kachasu kaulere, chinthu chimene sichinachitikepo m'mbiri ya mudziwo. Ena anawonjezera fodya wa mkamwa. Malovu anatuluka mwaufulu, moti Bambo Kadzamira okha analavulira ana asanu ndi khanda limodzi loyamwa.

Patapita masabata, kunamveka kulira kwa lole. Mayi Nachisale anavala chitenje chatsopano n'kusesa m'chipinda cha ufa. Koma mulolemo munatsika apolisi, kutsogolo kuli mtsikana woyeza uja.

"Kanthu kokulitsa kapezeka kochepa zedi, amayi," anatero mtsikanayo. "Ngati ka anthu oyenda ndi ndodo."

"Ambuye alemekezeke. Nanga ufa?"

"Timabotolo tanu tinkanunkha, ndiye tinayezanso zina. Ana onse a m'mudzi muno amamwa kachasu. Tiyamike amatafunanso fodya. Akuluakulu ati ana otere safunika phala, afunika kuwachotsera mowa."

Apolisi anayamba kukweza migolo mulole, umodziumodzi. Mayi Nachisale anayang'ana Bambo Kadzamira, koma Wapampando anali atatanganidwa kuwerenga nyerere. Ufa unapita kumudzi wa tsidya, kwa anthu osachangamuka amene anangolavulitsa ana awo.

Mgolo wotsiriza uli m'mwamba, mayiwa anagwira wapolisi dzanja.

"Bwana, tiyeni tikambirane. Tisiyireniko umodzi. Anawa sangasiye tsiku limodzi."