Maswiti a M'kabotolo ka Mapiritsi

Pa maphunziro onse amene ndinachita kuyunivesite, pali limodzi lomwe ndinakhoza kuposa anzanga onse, ndipo ndi lomwelo limene ndikalikumbukira chakudya sichilowa. Aphunzitsi anandiyamikira, anzanga anaomba m'manja, koma kunyumba nkhani inali itaipa kale. Amene anandiulula ndi nyerere.

Munali mu 2007, ndili chaka chachitatu cha maphunziro a zamankhwala ku Harare. Kwathu ndi ku Chipadze, ku Bindura. Malemu bambo anga anachokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito kumgodi, ife tinabadwira konkuno. Masiku amenewo ndinkadzimva koopsa. Mayi wina wotiphunzitsa ankafufuza chifukwa chimene odwala amadumphitsira mankhwala, makamaka ma ARV, omwe anali atangoyamba kupezeka m'makiliniki. Tsiku lina anafunsa funsolo m'kalasi, ine ndinakweza dzanja n'kunena kuti ndi ulesi basi. (Ndinanena m'Chingerezi chothyakuka, kenako ndinacheuka kuti ndione ngati atsikana amva.)

Mayiyo sananditsutse. Tikutsekera sukulu anapatsa aliyense kabotolo koyera ka mapiritsi, komatidwa pepala ngati ka kukiliniki, koma m'kati muli timaswiti toyera. Anati tizimwa kamodzi seveni koloko m'mawa, kamodzi seveni madzulo, kwa masabata atatu. Kompyuta ya kusukulu izititumizira meseji nthawi ikakwana, ife tiziyankha kuti tamwa. Tisauze aliyense kuti ndi maswiti, ndipo chilichonse chotichitikira tizilemba m'kabuku.

"Mukalaweko zimene wodwala amalawa," anatero. "Tikakumananso mudzandiuze za ulesi."

Ine ndinaseka. Kudya maswiti kukhale mayeso?

Tsiku lachiwiri magetsi anathima, foni inazima, ndipo ndinakumbukira cha m'ma teni. Tsiku lachinayi ndili m'kombi yochokera ku Chiwaridzo, kabotolo kanayamba kusokosa m'thumba pa dzenje lililonse la mumsewu. Mayi amene ndinayandikana naye anayang'ana thumbalo, anayang'ana ine, kenako anasunthira mwana wake mwendo wina. Nditafika kunyumba ndinatsendera thonje m'kabotolomo. Lamlungu madzulo foni inalira kutchalitchi pemphero lili pakati, ndipo ndinatuluka monyang'ama kukamwera kuseri kwa chimbudzi ngati wakuba. Sabata isanathe ndinali nditadumphitsa kanayi, ine yemwe uja wa ulesi basi. Kompyuta ndinkangoiyankha kuti ndamwa. (Kompyuta ndi yosavuta kuinamiza, siyang'ana munthu m'maso.)

Kunyumba tinkakhala ndi amayi komanso mlongo wanga wamkulu, Sisi Esinati. Amuna awo, omwe ankalowa pansi kumgodi, anali atamwalira chaka chapitacho, ndipo pabanja tonse tinagwirizana kuti chinali chifuwa cha fumbi. Sisi ankagulitsa tomato ndi mazira pamsewu. Ndiwo ankandichapira, ndiwonso ankandiseka kuti "adokotala". Anali ataonda moti siketi ankaigwiriza ndi pini. Ine wophunzira zamankhwala ndinkaona pini ija tsiku ndi tsiku, n'kumati ndi chisoni cha maliro.

Loweruka masana Sisi anandipeza kuseri kwa nyumba ndikupolisha nsapato. M'dzanja mwawo munali kabotolo kanga. Anakapeza m'thumba la thalauza pochapa.

"Nhai adokotala, ichi n'chiyani?"

Ndisanatsegule pakamwa anakhala pansi pa njerwa n'kumasula mfundo ya pansonga ya nsalu yawo. Munatuluka kabotolo kena, kofanana ndi kanga, kodzaza mpaka m'khosi.

"Ndinakatenga kukiliniki mu Epulo," anatero motsitsa mawu. "Ndinamwa masiku asanu. Tsiku lobwererako ndili pamzere ndinaona mayi wa kukwaya akudutsa, ndinangotembenuka. Ndimayesa ndili ndekha m'nyumba muno, hanzvadzi, mlongo wanga. Ndimati ndingofa mwakachetechete, amayi asayende chowerama. Koma iwe, mwana wa dzulodzuloli, shuwa?"

Anayamba kulira, ndipo ankalirira ine.

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanati, Sisi, awa ndi maswiti. Mawu anayi okha. Koma ndinayang'ana kabotolo kawo kodzaza kaja, ndipo sukulu inali itandiphunzitsa chimene chimatsatira kabotolo kodzaza. Mantha anandigwira. Ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti, "Sisi, tizimwera limodzi."

Lolemba ndinawaperekeza kukiliniki. Tinaima pamzere tonse awiri, anesi anawakalipira pang'ono, anawayeza, n'kuwayambitsanso. Kuchokera tsikulo foni yanga ikalira ankagogoda pakhomo langa n'kunong'ona kuti, "Adokotala, belu." Tinkakamwera kuseri kwa nyumba, kapu ya madzi imodzi. Iwo akakwinya nkhope, nane ndinkakwinya. (Ndinaphunzira kumeza msanga, shuga asanandisekeretse.) Akandifunsa ngati mutu ukundizungulira ngati mmene ukuwachitira iwo, ndinkati kwambiri. M'mawa uliwonse ankawiritsa dzira limodzi pa mazira ogulitsa aja n'kundipatsa, ati ndine wamng'ono, thupi langa likufunika mphamvu. Ndinkalidya. Ndi mchere womwe.

Chodabwitsa n'chakuti sindinadumphitsenso ngakhale kamodzi. Masabata atatu atatha kompyuta inasiya kutumiza, ine ndinatchera alamu ya pafoni. Maswiti a kusukulu atatha ndinakagula ena pakagolosale, oyera chimodzimodzi koma omata m'manja. Sisi anayamba kumaliza chakudya m'mbale. Pini inachoka pasiketi. Tsiku lina ndinawamva akuimba nyimbo ya kukwaya pochapa, ndipo amayi anaima pakhomo kumvetsera, osadziwa chimene chasintha.

Zonsezi ndinkalemba m'kabuku kaja. Za mfundo ya pansalu, za mayi wa kukwaya, za dzira. Dzina ndinabisa, ndinawatcha "wodwala E", ngati kuti kunyumba kwathu kunali ma E ambirimbiri.

Sabata yachisanu, m'mawa wina ndili kosamba, Sisi analowa kuchipinda kwanga kukasesa. Anaona mzere wa nyerere wochokera pazenera, kutsika khoma, kukwera mwendo wa tebulo, kukalowa m'chikwama changa. Munthu wogulitsa zakudya akaona nyerere amazilondola. Nditalowa ndi thaulo paphewa ndinawapeza atakhala pabedi, kabotolo kali bii ndi nyerere, chivindikiro chake chili chopendekeka mmene ndinachisiyira. Kabuku kanali chitsegulire pamiyendo pawo. Kaswiti kamodzi kanali m'kamwa.

"Ako ndi otsekemera," anatero. "Anga amawawa."

Ndinayamba kufotokoza za kafukufuku, za mayi wotiphunzitsa, za kompyuta ya ku Harare. Anandisiya mpaka ndinamaliza.

"Saka ndiye kuti ine ndine homuweki yako?"

"Ayi Sisi, poyamba sizimakhudza inu."

"Ndinakulirira iwe. Ndimakupempherera kuposa mmene ndimadzipempherera ndekha. Dzira lija ndimalilakalaka, ukudziwa? Anesi anati ndizidya ine."

"Ndimafuna kuti muzimwa mankhwala, Sisi."

"Ndikudziwa. Chokhacho n'chimene chikundiletsa kukuthyolera tsache ili pamsana." Anatseka kabuku n'kukaika bwinobwino patebulo. "Ndimayesa tili awiri."

Sabata yomweyo ananyamuka kupita ku Masembura kwa azakhali, ati kukathandiza kumunda. Anatsanzika amayi okha, ine ayi. Ndinabwerera kusukulu ndi kabuku kanga. Ndinaganiza zong'amba masamba a wodwala E, koma sindinang'ambe, ndipo ichinso ndikuulula lero. Mayi uja anawerenga ndime zina m'kalasi monga chitsanzo cha wophunzira amene wamvetsa mtima wa wodwala. Pamene anzanga ankaomba m'manja ine ndinkayang'ana nsapato zanga.

Seveni koloko iliyonse ndinkatumiza meseji ya liwu limodzi: "Belu." Sankayankha. Ndikaimba sankalandira. Patatha masiku angapo foni yanga inalira kamodzi n'kudula. Madzulo inateronso. Kunali kuflasha, ndipo ndinamva tanthauzo lake, kuti ndamwa, koma usandiyankhule. Azakhali anadzandiuza pambuyo pake kuti netiweki kumeneko inkagwira pachulu cha kuseri kwa khola pokha, ndipo Sisi ankakwera chulucho kawiri pa tsiku, kaya kuli mvula kaya dzuwa. Miyezi inadutsa tikucheza motero. Patchuthi ndinafuna kupitako, anatuma uthenga kudzera kwa amayi kuti ndisavutike, ali bwino. Ndinamvera, chifukwa ndinkaopa nkhope yawo.

Chaka chotsatira chuma cha dziko chinagweratu, ndipo chinali chowawa kwa aliyense. Mabasi a ku Masembura ankasowa, ndipo ulendo wa kukiliniki unasanduka wa tsiku lonse wapansi, nthawi zina n'kubwerako chimanjamanja. M'mawa wina mu Okutobala ndinatumiza meseji, foni siinalire. Madzulo siinalirenso. Ndinadzinamiza kuti ndi batire. Sabata yotsatira tinawaika Sisi m'manda ku Masembura komweko, ndipo mwambo utatha ndinapita ndekha kukaona chulu chija. Panali kanjira kopondedwa mpaka pamwamba.

Akanakhala ku Chipadze, kumene kiliniki ili poyenda mphindi zochepa, mwina bwenzi ali moyo. Anachoka chifukwa cha ine. Zimenezi zimandipweteka mpaka lero, ndipo palibe amene angandichotsere.

Panopa ndimagwira ntchito m'famase, kuseri kwa kauntala. Munthu akandiuza kuti wadumphitsa mankhwala, liwu loti ulesi silituluka pakamwa panga, ndimayamba ndamufunsa ngati kunyumba kuli amene akudziwa. Mwina mukudikira kuti ndinene kuti ndinaphunzira kuipa kwa bodza. Ndayesetsa kuti ndiphunzire. Koma ndikakumbukira Loweruka lija, kabotolo kodzaza mpaka m'khosi, pini yochoka pasiketi ndi nyimbo ya pochapa, ndimapeza kuti ndikananamanso. Dzira ndikanakana, kabuku ndikanatentha. Ndipo chivindikiro cha kabotolo kaja ndikanachimanga mwamphamvu.